Chinyumba chopanda mawindo chomwe tachipeza m'tchire ku Thyolo: chinali cha chiyani?

Funso la ulendo uno lachokera kwa bambo wina, mphunzitsi wa pulayimale, yemwe amakhala m'mudzi wina pakati pa boma la Thyolo ndi Luchenza. Iwo alemba motere:

"Chaka chino tinaganiza zoswa mphanje kumunsi kwa munda wa malemu agogo athu, pamalo pomwe pakhala pali tchire kwa zaka zambiri. Titalowa m'kati mwa tchirelo tinapeza chinyumba cha njerwa zootcha, chachitali kuposa nyumba wamba, cha mbali zinayi zofanana, chopanda denga ndiponso chopanda windo ngakhale limodzi. Khomo n'limodzi lokha, laling'ono. M'zipupa ziwiri zoyang'anizana muli mabowo ondandalikana m'mizere, kuyambira pamwamba pa mutu wa munthu mpaka kumtunda. Kunja, m'munsi mwa chipupa chimodzi, kuli kamphako komwe njerwa zake n'zakuda bii. Chapafupi pali maziko ena awiri aakulu chimodzimodzi. Ena m'mudzi akuti inali ndende ya akapolo, ena akuti azungu anakwiriramo chuma, ndipo anyamata ayamba kale kunong'onezana zokakumba usiku. Mayi anga akuti tisayandikireko n'komwe. Kodi chinthu chimenechi n'chiyani, ndipo tichite nacho chiyani?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuyendera mabwinja m'maboma a kumwera kuno, ndaona kuti zinyumba zambiri zomwe anthu amaziopa sizinali za zinsinsi ayi, koma zinali nyumba za ntchito, zomangidwa ndi anthu ofuna kuumitsa mbewu, kusunga madzi kapena kusambitsa ziweto. Nyumba ya ntchito imamangidwa motsatira ntchito yakeyo, choncho ngakhale denga litagwa ndipo eni ake atatha onse, kamangidwe kake kamanenabe zomwe zinkachitika m'katimo. Inu mwalongosola bwino kwambiri moti ndikhoza kunena maganizo anga ndisanafike pamalopo: chomwe mwapezacho chikuoneka kuti ndi balani youmitsiramo fodya wa kampopi, ndipo maziko awiri enawo ndi a mabalani anzake.

Ndifotokoze chifukwa chake, potsata zomwe mwalembazo. Fodya wa kampopi saumitsidwa ndi mphepo monga wa m'zigafa, komanso safuna utsi. Amafuna kutentha kokha, komwe kumakwezedwa pang'onopang'ono kwa masiku pafupifupi asanu ndi awiri, kuyambira pofunda chabe pamene tsamba likusanduka lachikasu mpaka pafupifupi madigiri 70 pamene akuumitsa msempha wa tsambalo. N'chifukwa chake nyumbayo siikhala ndi mawindo ndipo khomo lake limakhala laling'ono, kuti kutentha kusathawe. Imakhala yaitali chifukwa fodya amapachikidwa m'magulu osanjikizana, ndipo mabowo omwe mwaona m'zipupa ziwiri zoyang'anizana ndi momwe munkalowa mitanda yopachikapo ndodo za fodya. Mitandayo inadyedwa ndi chiswe kalekale kapena inathera pamoto wophikira, koma mabowo ake anatsala. Mzere woyamba umayambira pamwamba pa mutu wa munthu chifukwa pansi pamadutsa mipope yotentha, ndipo tsamba louma likakhudza mpope wotero balani yonse imayaka. Kamphako kakuda ka kunjako ndi ng'anjo: moto unkasonkhedwa panja, usiku ndi usana, ndipo kutentha kunkayenda m'mipope ya chitsulo kapena m'ngalande za njerwa zodutsa pansi pa nyumbayo, utsi n'kukatulukira ku chumuni. Mabalani samangidwa imodzi yokha kawirikawiri, popeza fodya amathyoledwa sabata ndi sabata pamene wina akadali pamoto, ndiye maziko ena awiri aja akundilimbitsa mtima kwambiri pa ganizo limeneli.

Pali zinthu zingapo zomwe mungaone nokha kuti mutsimikize, mutaima pakhomo osalowa m'kati. Yezani ndi tepi kutalika kwa mbali iliyonse. Mabalani ambiri akale anali a mapazi pafupifupi 16 mbali iliyonse, omwe ndi mamita pafupifupi 5, ndipo mukapeza kuti muyezo ukukwana bwino m'mapazi osati m'mamita, n'chizindikiro choti omangawo ankagwiritsa ntchito miyezo ya kale. Yang'anani m'munsi mwa zipupa ngati muli timabowo tolowera mpweya, ndipo mbali imodzi funani chitsa cha chumuni kapena mulu wa njerwa zakuda pomwe chinagwera. Koposa zonse, yang'anani nkhope ya zipupa za m'kati. Ngati zilibe mwaye, mwaye uli ku ng'anjo kokha, ndiye kuti ndi ya kampopi ndithu. Ngati zipupa zonse za m'kati zili zakuda ndi utsi, ndiye kuti moto unkasonkhedwa m'kati momwemo, ndipo tikhoza kuganiza za fodya wa chikopa, yemwe amaumitsidwa ndi utsi.

Mwina mukudabwa kuti fodya akutani m'dziko la tiyi. Thyolo ndi Mulanje sizinayambe ndi tiyi. Azungu oyamba kutsegula minda m'zaka za m'ma 1890 anaika mtima wawo pa khofi, ndipo khofiyo atagwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 chifukwa cha matenda, chilala ndi kutsika kwa mitengo, ambiri anatembenukira ku thonje ndi fodya. Kampani ya Imperial Tobacco itatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908, ndipo njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, itafika ku Blantyre chaka chomwecho kudzera pa Luchenza, fodya wa m'maesiteti a ku Thyolo anapeza msika ndi njira yotulukira. Tiyi anali atabzalidwa kale ku Mulanje, komwe Henry Brown anamubzala pa esiteti ya Thornwood mu 1891, koma anadzafalikira kwenikweni ku Thyolo pambuyo pake, makamaka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Minda yomwe inasintha n'kuyamba tiyi inalibenso ntchito ndi mabalani. Ena anagwetsedwa kuti njerwa zake zimangire zina, ena anangosiyidwa. Kenaka, pambuyo pa kafukufuku wa za malo wa Sir Sidney Abrahams mu 1946, boma la atsamunda linayamba kugula mbali zina za maesiteti kuti pakhale anthu, ndipo umu ndi momwe zinyumba za esiteti zina zinapezekera pakati pa minda ya anthu a m'mudzi. N'kutheka kuti agogo anu analandira malowo balaniyo ili kale pomwepo, ndipo anangoilambalala polima chifukwa pamalo pa njerwa khasu sililowa.

Tsopano za ndende ya akapolo. Nkhani imeneyi sindiitaya msanga, chifukwa malonda a akapolo anachitikadi m'dera lino. Njira zopita kunyanja ya mchere ku Quelimane zinkadutsa mbali zonse za phiri la Mulanje, ndipo n'chifukwa chake atsamunda anamanga linga la asilikali la Fort Lister mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, komwe mabwinja ake ndi manda akuonekabe mpaka lero m'boma la Phalombe. Koma ogula ndi ogulitsa anthu sankamanga ndi njerwa zootcha. Ankasunga anthu m'malinga a mitengo, atawamanga m'magoli, ndipo zotere sizisiya zipupa. Njerwa zootcha zinafala kuno ndi amishoni, amalonda achizungu ndi boma la atsamunda. Komanso ndende siifuna ng'anjo panja, siifuna mizere ya mitanda kumtunda, ndipo wosunga akaidi amafuna poonera zomwe zikuchitika m'kati.

Komabe, anthu akamatchula malo kuti ndende, ine ndimatchera khutu, chifukwa kawirikawiri pamakhala china chomwe akukumbukira. M'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje munali thangata, pomwe mabanja okhala pamalo a mzungu, ambiri a iwo Alhomwe omwe anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ankalipira malo okhalawo ndi thukuta lawo, nthawi yomwe minda yawo inkafunanso khasu. Mkwiyo wa zimenezi unali m'gulu la zomwe zinabutsa chipolowe cha ku Thyolo mu 1953, ndipo thangata anadzathetsedwa mwalamulo mu 1962. Munthu amene anachezera usiku wonse akusonkha moto pa balani, kapitawo ali pamsana pake, akanatha kuuza adzukulu ake kuti malo aja anali ndende, ndipo sakananama kwenikweni. N'zothekanso kuti kapitawo wina anatsekerapo munthu m'menemo nyengo ya fodya itatha, popeza ndi nyumba yolimba ya khomo limodzi. Choncho pofunsa akuluakulu musapite ndi mtima wokawatsutsa. Cholinga chomwe nyumba inamangidwira ndi zomwe zinadzachitikamo pambuyo pake zikhoza kusiyana, ndipo zonse ziwiri ndi mbiri ya malowo.

Kafunsidwe kake n'kofunika. Musafunse kuti, "Agogo, kodi n'zoona kuti chija chinali ndende?" chifukwa mwaulemu adzangokuvomerani. Funsani kuti malowo ankatchedwa chiyani iwo ali ana, mzungu kapena mwini munda wa pamenepo anthu ankamutchula dzina lanji, ankalima chiyani, ndani wa m'mudzi muno anagwirako ntchito, ndipo denga linachoka liti. Maina omwe anthu ankapatsa azungu ndi akapitawo amakhalitsa m'mitu ya anthu kuposa zaka, ndipo dzina la malo monga "pa Mabalani" kapena "ku Dipi" nthawi zina limayankha funso lonse. Funsani anthu osiyanasiyana, aliyense payekha, ndipo musaiwale amayi achikulire, popeza kuno malo amatsata kuchikazi ndipo iwo ndiwo anakulira pomwepo pamene amuna ambiri anabwera kudzakwatira. Mayi anu omwe akukuletsani kuyandikira, afunseni modekha chomwe anamva ndi yemwe anawauza. Akatchula za manda kapena za malo othirira nsembe, nkhaniyo yasintha, ndipo musagwetse mtengo wina uliwonse pamenepo musanakhale pansi ndi a nyakwawa ndi eni mbumba.

Za zaka zake, nyumbayo yokha ikhoza kukuthandizani pang'ono. Tolani kachidutswa ka zomangira komwe kagwa kale pansi, osati kogumula pachipupa. Ngati ndi dothi chabe, kapena ndi zoyera zofewa zomwe zimanyenyeka ndi chala ndipo zimachita thovu mukadonthezera madzi a mandimu, ndiye kuti anamangira dothi kapena laimu, monga zinkachitikira kale simenti ikadali yochokera kunja ndiponso yodula. Simenti yolimba yotuwa imaloza ku zaka za pambuyo pake, ngakhale kuti nyumba yakale ikhoza kukhala ndi zigamba za simenti zomwe anaika pokonza. Ngati pamphuthu patsala thabwa lomwe chiswe chalikana ndipo likununkhira mukalipala pang'ono, likhoza kukhala la mkungudza wa m'phiri la Mulanje, womwe omanga akale ankaukonda pa chifukwa chomwecho. Mtengo womwe wamera m'kati mwa nyumbayo umakuuzani kuti denga linachoka mtengowo usanamere, ndipo kachere wamkulu woti munthu sangamukumbatire sanamere dzana. Zomwe mvula yavumbula pamtunda, monga mabotolo, zidutswa za mipope, misomali kapena ndalama zachitsulo, zijambuleni pomwe zili. Makobidi oboola pakati ndi a nthawi ya atsamunda ndi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene matambala anayamba mu 1971. Koma samalani pomasulira: khobidi limangonena kuti wina analigwetsa pambuyo pa chaka cholembedwapo, silinena kuti nyumbayo inamangidwa chaka chimenecho.

Ngati zomwe mukaone zikasemphana ndi zomwe ndafotokozazi, pali zinthu zina zomwe zimapezeka m'matchire a maboma awiriwa, ndipo ndizitchule mwachidule kuti zithandizenso ena. Ngalande yaitali yopapatiza ya simenti, yakuya mbali imodzi ndipo yokwera pang'onopang'ono mbali inayo, ndi dipi ya ng'ombe. Kamzati ka simenti kofika m'chiuno kapena pachifuwa pamwamba pa phiri, kokhala ndi kachitsulo pakati, n'ka oyeza malo opanga mapu, ndipo pansi pake palibe chilichonse koma thanthwe. Nsanja ya njerwa kapena ya chitsulo pafupi ndi njanji, monga cha ku Khonjeni, Thekerani kapena Sandama, ikhoza kukhala yomwe inkanyamula thanki yomwetsera sitima zamalasha. Matanki ozungulira a simenti m'mphepete mwa phiri la Mulanje ambiri ndi a madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera kuphiri, omwe anthu a m'midzi anakumbira ngalande zake okha m'zaka za m'ma 1970. Cha kumalire, monga ku Muloza, maziko ambiri ofanana okhala ndi zimbudzi ndi mijigo yakufa akhoza kukhala a nthawi ya othawa nkhondo ya ku Mozambique, omwe anabwerera kwawo pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992. Nyumba yokhala ndi khonde lalikulu, malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera ndi khitchini yapadera kumbuyo inali yogonamo bwana wa esiteti.

Ndibwere ku nkhani ya chuma, yomwe ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa zonse m'kalata yanu. Mphekesera zoti azungu anakwirira ndalama kapena miyala ya mtengo wapatali pansi pa nyumba zakale zawonongetsa mabwinja ambiri m'dziko muno, ndipo ine sindinaonepo munthu amene analemera nazo, kupatula oyendayenda omwe amalipiritsa anthu kuti awalozere pokumba. Taganizirani nokha: mwini esiteti anali ndi banki ku Blantyre ndi sefa muofesi mwake, ndiye akanasungiranji chuma m'nyumba yomwe munkayaka moto sabata yathunthu ndipo antchito ankalowamo ndi kutulukamo tsiku lililonse? Pansi pa balani anyamatawo akapezapo phulusa, zidutswa za mipope ya dzimbiri ndi njerwa zopserera. Chomwe angakumane nacho chenicheni ndi ngozi. Chipupa chachitali chomwe chataya denga ndi mitanda yake chilibe chochigwira, ndipo ngati chinamangidwa ndi dothi, mvula ya zaka zambiri, kuphatikizapo ya namondwe wa Freddy ya mu 2023, yachifooketsa kale. Kukumba m'munsi mwa chipupa chotero, usiku, ndi kudzikumbira manda. Mizu ya kachere yomwe yalowa m'ming'alu nthawi zina ndiyo ikugwirizitsa njerwazo, moti kudula mtengowo mwachisawawa kukhoza kugwetsa mbali yonse.

Palinso zoopsa zina zomwe anthu saziganizira. M'zinyumba zotere mumakhala njuchi, mavu ndi njoka, makamaka m'ng'anjo ndi m'ngalande za pansi, choncho musapise dzanja m'kamphako kaja. Fumbi la ndowe za mileme likapumidwa lambiri limatha kudwalitsa mapapo, ndipo amene walowa m'malo otere n'kuyamba kutsokomola ndi kutentha thupi patapita masiku apite kuchipatala akanene komwe analowa. Pomwe panali nyumba za esiteti pamakhalanso zitsime ndi maenje a zimbudzi zakale zobisika ndi udzu, ndiye poswa mphanje yendani ndi ndodo patsogolo ndipo ana asatsogole. Kwa omwe apeza dipi, dziwani kuti mankhwala akale osambitsira ng'ombe anali ndi poizoni yemwe amakhalitsa m'dothi zaka zambirimbiri, kotero musabzale ndiwo zamasamba pamenepo kapena kumwetsa ziweto madzi odikha m'menemo. Ndipo paliponse, makamaka kufupi ndi malire, mukaona chitsulo chooneka ngati chipolopolo kapena bomba, musachikhudze, musachisunthe, chokanipo ndipo kauzeni apolisi tsiku lomwelo.

Lamulo nalo lili ndi mawu pa nkhaniyi. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza malo ndi zinthu zakale, ndipo silimalola munthu kukumba pofunafuna zinthu zotere popanda chilolezo, ngakhale malowo ali m'munda mwake. Si chinyumba chilichonse chakale chomwe boma lingachiike m'kaundula wa malo otetezedwa, ndipo musaope kuti mukanena ndiye kuti munda wapita. Koma oyenera kugamula kuti ichi n'chofunika kusungidwa kapena ayi ndi a nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale, omwe mungawapeze kudzera ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre kapena kudzera ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Thyolo.

Ine ndikadakhala inu ndikadayamba ndi a nyakwawa mawa lomwe, kuwauza zomwe mwapeza ndi zomwe anyamata akupangana, kuti iwo alankhule pabwalo zinthu zisanafike poipa. Nkhani ikakambidwa poyera, masana, ndi kufotokoza kuti ichi n'choumitsira fodya, chilakolako chokumba usiku chimazirala chokha. Pomwepo mufunsenso za malire, chifukwa ku Thyolo nkhani za malo n'zovuta, ndipo chinyumba cha esiteti pamalo chimadzutsa funso loti kodi malowo anachoka liti m'manja mwa esitetiyo. Ngati pali kukayika kulikonse, a zamalo ku ofesi ya bwanamkubwa akuthandizeni musanabzale mbewu zokhalitsa. Kenaka jambulani zithunzi mbali zonse zinayi, munthu ataima pambali kuti msinkhu uoneke, jambulaninso ng'anjo, mabowo ndi maziko enawo, lembani miyezo, ndipo sungani pafoni malo enieni pomwe chili. Lambulani udzu ndi zitsamba mozungulira kuti muziona pomwe mukuponda, koma mitengo yomera pazipupa muisiye, ndipo njerwa musatengeko ngakhale zogwa kale mpaka odziwa ataona.

Ngati mukufuna kudziwa dzina la esitetiyo ndi zaka zake, njira ilipo, ngakhale imafuna kuleza mtima. Mapu akale a nthambi yoyeza malo amasonyeza maina ndi malire a maesiteti, ndipo zithunzi zakale zojambulidwa kuchokera mundege zimatha kuonetsa ngati nyumbayo inali ndi denga chaka chomwe anajambulacho. Ku National Archives ku Zomba kuli zolemba za abwanamkubwa akale a boma lomwe nthawiyo ankalilemba kuti Cholo, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi za minda ya nthawi imeneyo. Maesiteti oyandikana nanu nawo amasunga mapu awo akale, ndipo antchito opuma omwe anagwirako zaka zambiri amadziwa malire akale kuposa mapepala. Popita ku malo onsewa tengani dzina lomwe akuluakulu akupatsani, dzina la mtsinje wapafupi ndi la mfumu ya deralo, chifukwa ndi zomwe osunga zolembawo adzayambire kufufuza.

Pali zinthu zomwe zikapezeka musadikirenso kafukufuku wanu. Mukaona mafupa omwe akuoneka ngati a munthu, siyani ntchito, musasunthe kanthu, ndipo dziwitsani mfumu ndi apolisi. Mukapeza mwala kapena chitsulo cholembedwa dzina kapena chaka, unyolo, mphika wathunthu wokwiririka, kapena zizindikiro zoti malowo ndi akale kuposa nyumbayo, monga mapale ambiri okongoletsedwa ndi zotsalira za ng'anjo yosungunulira chitsulo, itanani a zakale aja asanafikepo ogula zakale oyendayenda. Ndipo ngati chipupa chapendekeka kapena chili ndi mng'alu woti dzanja n'kulowa, pomwe pali njira yodutsa ana a sukulu kapena amayi opita kumtsinje, tchingani malowo ndi minga lero lomwe, ndipo pemphani a zomangamanga ku khonsolo adzaone ngati chingalimbitsidwe kapena chiyenera kutsitsidwa mwadongosolo dzinja lisanafike. Mukatumiza zithunzi za ng'anjo ndi za zipupa za m'kati pamodzi ndi miyezo yanu, ndidzatha kukuuzani motsimikiza ngati ndi ya kampopi kapena ya chikopa.